Kukonza Wotchi ya Mtunda M'galimoto Zakale

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'chigawo cha zaumisiri, kwa eni galimoto, madalaivala ndi amakaniko a m'maboma

Nkhani yathu ya lero ikukhudza kachipangizo kamene kamakhala pamaso pa dalaivala aliyense, koma ambiri timakalabadira tsiku lokhalo logula kapena kugulitsa galimoto. Ndikunena timanambala tija timene timasintha pang'onopang'ono m'kati mwa sipidomita galimoto ikamayenda. Dzina lake la m'mabuku ndi odomita, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza muyeso wa njira. Ku galaja amangoti mayileji, ena amati wotchi. Ife m'nkhani ino tiziti wotchi ya mtunda, pakuti monga wotchi ya pamkono imawerenga maola, iyi imawerenga makilomita.

Funso la nkhaniyi lachokera kwa omvera athu a m'boma la Dowa, ndipo n'zosadabwitsa kuti lachokera kumeneko. Amene mudayendapo ku Dowa ndi ku Ntchisi mukudziwa kuti galimoto ya kumapiri kuja sidya zaulere. Mukasiya phula pa Mponela kapena pa Madisi kulowera kumidzi, kapena mukapatuka mu msewu wa ku Salima pa Mvera, mukumana ndi fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja, mabampu chaka chonse, ndi zitunda zoti galimoto yosenza mabelo a fodya imakwera pa giya yoyamba. Galimoto zogwira ntchito imeneyi zambiri n'zachikulire: Toyota Hilux ndi Dyna, Isuzu KB, Nissan 1400, Land Rover zakale, mwinanso Peugeot 504 imodziimodzi. Mukasuzumira pa dashibodi ya zina mwa izo, mupeza kuti manambala adaima kalekale, mwiniwake n'kumati, "Bola injini ikulira."

Kodi ikaima chavuta n'chiyani?

N'zoona kuti galimoto imayenda ndithu ngakhale wotchi itaima. Koma taganizani zinthu zitatu izi.

Choyamba ndi oyilo. Amene adapanga injini sadanene kuti muzisintha oyilo mukamuona wada, kapena mukalandira ndalama za ku okushoni. Iwo adatchula mtunda. Kwa injini zakale za dizilo zoyenda m'fumbi, muyeso wodziwika ndi makilomita 5,000. Popanda wotchi, mwini galimoto amayeza ndi mtima, ndipo mtima wa munthu amene m'thumba mwapepuka umanena nthawi zonse kuti oyilo akadali bwino. Onjezaninso ichi: pa chitunda injini imazungulira kwambiri pa mtunda wochepa, chifukwa galimoto ili pa giya yotsika. Kilomita imodzi yokwera phiri ndi katundu imatopetsa injini kuposa kilomita ya pa phula lopita ku Kasungu. Choncho munthu wa kumapiri ayenera kusintha oyilo nambala isanakwane. Nanga adziwa bwanji ngati nambalayo siyenda?

Chachiwiri ndi lamba wa mano amene amayendetsa mavavu a injini, uja amakaniko amati taiming'i beluti. Pa injini za dizilo za Toyota zotchedwa 2L ndi 3L, zimene zili mu Hilux ndi Hiace zambiri zakale, lamba ameneyu amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000. Pa dashibodi pali kagetsi kolembedwa T-BELT kamene kamayaka nthawi ikakwana. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kagetsi kameneka sikaona lamba ayi. Kamauzidwa ndi wotchi ya mtunda. Wotchi ikaima, kagetsiko sikadzayaka konse, ndipo dalaivala amakhala ndi mtendere wabodza. Lambayo akaduka injini ili pa liwiro, mapisitoni amawomba mavavu, ndipo galimoto imaima pomwepo, kaya ndi pakati pa chitunda, kaya ndi usiku muli ndi wodwala wopita naye kuchipatala cha pa boma. Ndalama zokonzera injini yotere n'zambirimbiri poyerekeza ndi mtengo wa lamba.

Chachitatu ndi mafuta. Tonse tikukumbukira mizere ya pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira m'chaka cha 2022. Lita iliyonse ndi chuma. Munthu wa wotchi yabwino amadzaza thanki, nalemba nambala. Tsiku lodzazanso amalemba nambala yatsopano ndi malita amene alowa. Tiyerekeze kuti wayenda makilomita 400 ndi malita 40: ndiye kuti lita imodzi ikumupatsa makilomita 10. Mwezi wotsatira akaona kuti malita 40 omwewo atha pa makilomita 320, adziwa kuti pali china chavuta: mwina sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, mwina mabuleki akugwira, mwina matayala ndi ophwa, mwinanso pali amene akupopa thanki usiku. Wonyamula fodya kupita ku Kanengo, kapena chimanga ndi soya kupita pa msika wa Mponela, sangatchule mtengo woyenera ngati sadziwa mtunda ndi mafuta amene ulendo umadya. Amangotchula molota, ndipo kawirikawiri amadzibera yekha.

Mmene imagwirira ntchito

Nzeru yowerenga mtunda ndi gudumu ndi yakale kuposa galimoto. Zaka zoposa 2,000 zapitazo, mmisiri wa ku Roma dzina lake Vitruvius adalongosola ngolo imene gudumu lake likazungulira maulendo 400, kamwala kamodzi kankagwera m'kabokosi, kusonyeza kuti ngolo yayenda mailo imodzi. Madzulo munthu ankangowerenga timiyala. Ku China adapanga ngolo ina yokhala ndi kachidole ka mtengo kamene kankaimba ng'oma mtunda woikika ukakwana. Sipidomita ya maginito imene ili m'galimoto zathu zakale idalembetsedwa ndi Otto Schulze ku Germany m'chaka cha 1902. Zonsezi maziko ake ndi amodzi: gudumu la kukula kodziwika likazungulira, layenda mtunda wodziwika. Tayala limene kuzungulira kwake ndi mamita 2 limazungulira maulendo 500 pa kilomita imodzi. Ntchito yotsala ndi kuwerenga basi.

M'galimoto yakale kuwerengako kumayambira ku giyabokosi. Pamene mphamvu imatulukira kupita ku matayala pali kagiya kakang'ono, kawirikawiri ka pulasitiki. Kagiya kameneka kamazunguza kebulo, ndiye kuti waya wopotedwa wofewa woyenda m'kati mwa chikopa chake, kuchokera pansi pa galimoto mpaka kuseri kwa dashibodi. Nsonga za waya ameneyu kawirikawiri n'zamakona anayi kuti zigwire bwino. M'galimoto zambiri za ku Japan kebulo imazungulira maulendo 637 pa kilomita imodzi, ndipo nambala imeneyi mudzaipeza italembedwa mwa timalemba ting'onoting'ono pa nkhope ya sipidomita kapena kuseri kwake. Galimoto za kwina zili ndi nambala zawo.

Ikafika kumtunda, kebulo imagwira ntchito ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mutchere khutu, chifukwa kumvetsa apa ndiye kupeza matenda. Ntchito yoyamba ndi ya liwiro. Kebulo imazunguza kamaginito m'kati mwa kambale kopepuka ka aluminiyamu. Ziwirizi sizikhudzana, komabe mphamvu ya maginito imakoka kambaleko, ndipo kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamakabweza. Kambaleko ndi kamene kanyamula muvi wosonyeza liwiro. Ntchito yachiwiri ndi ya mtunda. Kebulo yomweyo imayendetsa timagiya totsatizana timene timachepetsa liwiro, kotero kuti maulendo 637 aja amasanduka ulendo umodzi wokha wa kagudumu ka kumapeto. Kagudumu kalikonse kali ndi manambala kuyambira 0 mpaka 9, ndipo kakamaliza ulendo wake kamakankha kanzake ka kumanzere nambala imodzi. Ndi masamu omwe aja a ku pulayimale: zikakwana khumi, lemba ziro, senza imodzi.

Kupeza pamene pavuta

Makaniko wabwino samasula kanthu asanafunse mafunso. Funso lalikulu ndi ili: kodi muvi wa liwiro ukuyenda?

Ngati muvi wagona pa ziro ndipo manambala nawo aima, vuto lili pa chinthu chimene ziwirizi zimagawana, ndiye kuti kebulo kapena kagiya ka ku giyabokosi. Mwina waya waduka, mwina nsonga yake yamakona ija yaperepeseka n'kukhala yobulungira, mwina nati wamasuka ndi mabampu kebulo n'kusololoka, kapena mano a kagiya atha.

Ngati muvi ukuyenda bwinobwino koma manambala aima, kebulo ilibe mlandu. Musataye ndalama kugula ina. Vuto lili m'kati mwa wotchi. Kawirikawiri kagiya ka pulasitiki kang'aluka chifukwa cha ukalamba, kutentha kwa dzuwa ndi girisi wakale amene amafewetsa pulasitiki, kapena kagiya kamasuka pa kamtengo kake kachitsulo, kamtengo n'kumazungulira kokha. Matenda amenewa ngodziwika kwambiri pa mawotchi a VDO a mu Mercedes-Benz, Volvo, BMW ndi Volkswagen za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, koma galimoto iliyonse yokalamba ikhoza kudwala chimodzimodzi.

Ngati muvi ukuvinavina, makamaka pa liwiro lochepa, kapena mukumva kulira kwa tswii-tswii kuseri kwa dashibodi, ndiye kuti kebulo yauma kapena yapindika, ndipo ili pafupi kuduka. Ngati mupeza oyilo m'kati mwa wotchi, ndiye kuti kamphira kotseka ku giyabokosi katha, ndipo waya uja akutunga oyilo kukwera naye kumtunda.

Kuyesa kwake n'kosavuta, koma yambani ndi kusamala moyo wanu. Imikani galimoto pa malo athyathyathya, zimitsani injini, kokani handibuleki, ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yekha, ndipo ntchito imeneyi si yochitira pa mtsetse. Mukatero masulani kebulo ku giyabokosi, gwirani nsonga ya waya ndi zala, muipotokole mwamsanga wina akuyang'ana pa dashibodi. Yesani mbali zonse ziwiri, chifukwa muvi umadzuka mbali imodzi yokha. Muvi ukadumpha, kebulo ndi sipidomita zili bwino, ndipo mlandu watsala ndi kagiya ka ku giyabokosi. Muvi ukapanda kugwedezeka, kokani wayayo pang'ono; akasololoka mosavuta, chidutswa chili m'manja mwanu, ndiye kuti mwapeza poduka.

Kukonza kebulo

Kebulo yoduka siiwotchereredwa ndipo siilumikizidwa ndi waya wa m'nyumba; pamene mwalumikizapo pamauma, ndipo posachedwa pamadukanso. Chofunika ndi ina ya utali womwewo ndi nsonga zofanana. Popita kukagula, kaya ndi m'sitolo za pa Mponela kaya ndi ku Biwi mu mzinda wa Lilongwe, nyamulani yakaleyo kuti mukayerekeze. Waya wamtali kwambiri amakankha m'kati mwa wotchi naononga, wamfupi safika. Ngati mukugula yogwirapo kale ntchito, sololani wayayo, mumupinde ngati uta, mumuzunguze ndi zala: akamayenda mosalala ndi wabwino, akamadumphadumpha ngopindika, musiyeni.

Poika, tsukani waya ndi parafini, mumuumitse, mumupake girisi wopepuka kapena ufa wa girafaiti. Pakani chigawo cha m'munsi chokha, ngati magawo awiri mwa atatu, chifukwa mafuta ochuluka amakwera mpaka m'kambale ka maginito n'kuchititsa muvi ulesi. Njira ya kebulo ikhale yokhota pang'onopang'ono, yopanda ngodya, yotalikirana ndi paipi ya utsi, ndipo imangidwe pa malo ake onse. Kebulo yolendewera ndi imene imakodwa ndi zitsa ndi miyala m'misewu ya kumunda. Ngati vuto ndi kagiya ka ku giyabokosi, werengani mano ake musanagule kena. Timagiya timeneti timaoneka tofanana, koma dzino limodzi loonjezera limasintha kawerengedwe konse. Sinthaninso kamphira kotseka oyilo nthawi yomweyo.

Anyamata a kabaza wa njinga zamoto, amene achuluka pa Dzaleka, pa Mponela ndi pa Malomo, nkhaniyi ndi yanunso. Pa njinga zambiri kebulo imachokera pa gudumu lakutsogolo, ndipo imaonongeka kawirikawiri pobwezera gudumu mutamata chubu, ngati timano ta kagiya sitinalowe m'malo mwake musanamange nati.

Kutsegula wotchi

Ntchito ya m'kati mwa wotchi ndi ya munthu wodekha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu ukugwira ntchito. Chotsani waya wa batire wa ku nthaka musanamasule dashibodi. Gwirirani ntchito pa tebulo loyera, pa nsalu yoyera, kopanda mphepo, ndipo tizitsulo tonse muzitiika m'mbale motsatana ndi mmene mwatichotsera. Masiku ano foni ya m'manja ndi mthandizi wamkulu: jambulani chithunzi pa sitepe iliyonse, ndipo chithunzi choyamba chikhale cha nambala imene wotchi ikusonyeza musanaikhudze.

Ngati pafunika kuzula muvi, yambani mwaika chizindikiro pamene umapumira, kuti mudzaubwezere pomwepo; mukaphonya, sipidomita idzanama masiku onse. Kambale ka aluminiyamu ndi kasipuling'i kaja musazikhudze. Manambala musawapukute ndi petulo kapena thina, chifukwa utoto wake umachoka. Tsopano zunguzani polowera kebulo ndi kasikuludiraiva kakang'ono, mukutsata ndi maso kuyenda kwa timagiya. Pamene kuyendako kwathera, pomwepo ndi pamene pali matenda.

Mukapeza kagiya kong'aluka, musavutike ndi guluu. Pulasitiki wa timagiya timeneti ndi woterera, guluu samugwira, ndipo mng'alu umatalikitsa mano kotero kuti kagiyako kamakakamira. Funani kena ka mano ofanana kuchokera m'wotchi ya galimoto yophwasulidwa. Kwa galimoto zina timagiya tatsopano timagulitsidwa pa intaneti. Chotsani zidutswa zonse za mano akale ndi girisi wouma, mupake watsopano pang'ono chabe, ngati kambewu ka mapira. Mukapeza kuti kagiya n'kabwino koma kamasuka pa kamtengo kake, mankhwala ake ndi kukhakhalitsa pang'ono pamalo pamene kamakhala, kapena kudonthezapo kadontho ka mankhwala omangira mabawuti, n'kukakankhira m'malo mwake. Musanasolole kamtengo konyamula timagudumu ta manambala, matani tepi pa manambala onse kuti asabalalike. Akabalalika, kuwabwezera mu mzere ndi ntchito ya tsiku lathunthu.

Langizo lina limene amakaniko ambiri amapereka ndi ili: kabatani kobwezera pa ziro manambala a ulendo muzikadina galimoto itaima. Kukadina galimoto ikuyenda kumakakamiza timagiya timene takalamba kale.

Galimoto za mawaya

Kuyambira cha m'ma 1990 galimoto zambiri zidasiya kebulo. M'malo mwake ku giyabokosi kuli sensa imene imatumiza timagetsi todukizadukiza kudzera m'mawaya, ndipo galimoto zatsopanopo zimawerengera ku masensa a mabuleki a ABS pa matayala. Zina zikadali ndi timagudumu ta manambala toyendetsedwa ndi kamota kakang'ono. Zina manambala ake ndi owala pa galasi, ndipo amasungidwa m'kachipangizo ka kompyuta. Funso lija silisintha. Muvi ndi manambala zikaima pamodzi, yang'anani fyuzi, kenaka pulagi ya sensa, imene imadzaza matope mukawoloka madambo m'dzinja, kenaka mawaya odyedwa ndi makoswe, makamaka ngati galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe. Muvi ukamayenda manambala ataima, ndi kagiya ka pa kamota kapena mtovu wolumikizira umene wang'ambika ndi mabampu. Okonza mawailesi ndi mafoni amene ali ndi dzanja lokhazikika amatha kuwotchereranso malo otere. Zopitirira apa zimafuna makina opimira a ku galaja.

Kuyesa ngati ikunena zoona

Manambala akayamba kuyenda, ntchito sinathe. Wotchi yoyenda koma yonama ndi yoopsa kuposa yoima, chifukwa mumaikhulupirira. Yesani pa msewu wa phula woongoka, monga wa M1 pakati pa Mponela ndi Madisi. Tsegulani mapu a pa foni oyeza mtunda ndi GPS, muyende makilomita 10, muyerekeze. Kusiyana kwa mamita 200 kapena 300 sikodetsa nkhawa. Kukafika kilomita yathunthu, pali chifukwa: mwina kagiya n'ka mano olakwika, mwina wotchi ndi ya galimoto ina, mwinanso ndi matayala. Ambiri a kumapiri amaika matayala aakulu kuti galimoto ikwere m'mwamba isagunde miyala. Tayala lalikulu limazungulira maulendo ochepa pa kilomita, choncho wotchi imawerenga moperewera, ndipo muvi umasonyeza liwiro lochepa kuposa lenileni. Ngati tayala lakula ndi magawo 5 pa 100, pamene wotchi ikuti 5,000 mwayenda pafupifupi 5,250. Dziwani kusiyanako ndipo muzikuwerengera.

Onaninso ngati wotchi yanu imawerenga mamailo kapena makilomita. Land Rover zina zakale ndi galimoto zochokera ku Britain zimawerenga mamailo. Mailo imodzi ndi makilomita 1.609, choncho makilomita 5,000 ndi mamailo pafupifupi 3,100. Wodikira kuti wotchi ya mamailo ifike 5,000 wayenda kale makilomita oposa 8,000. Kumbukiraninso kuti mawotchi akale a manambala asanu akafika 99,999 amabwerera pa ziro okha. Nkhalamba ya galimoto yosonyeza 40,000 ikhoza kukhala kuti idazungulira kale kamodzi kapena kawiri.

Kukonza ndi kubweza n'zosiyana

Tsopano tafika pa mtima wa nkhani yathu. Dzanja limene latha kutsegula wotchi ndi kuikonza lingathenso kubweza manambala m'mbuyo, ndipo pa galimoto za kompyuta ntchitoyo imatenga mphindi zochepa. Chiyeso chimabwera tsiku logulitsa. Koma taganizani za amene akugulayo. Mwina ndi mlimi amene wasonkhanitsa ndalama za fodya za zaka zitatu, mwina ndi mphunzitsi wopuma amene waika penshoni yake yonse. Akaona 90,000 pamene galimoto idayenda 190,000, sikuti wangolipira mtengo wokwera ayi. Adzachedwa kusintha lamba uja, adzakhulupirira ziwalo za chiwongolero zimene zidatha kale, ndipo adzanyamula anthu pa mitsetse ya ku Ntchisi ndi chikhulupiriro chimenecho. Kubweza wotchi ndi kunyenga wogula, ndipo m'dziko muno madandaulo a chinyengo pa malonda amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Nanga wachilungamo achite bwanji ngati wotchi idaima miyezi yambiri, kapena ngati waika ina yochokera m'galimoto yophwasulidwa? Dziko la United States lidakhazikitsa lamulo pa nkhaniyi m'chaka cha 1972. Lamulolo limalola kukonza kapena kusintha wotchi, koma ngati singathe kusonyeza nambala yake yakale, iikidwe pa ziro, ndipo pa mphuthu ya chitseko cha kumanzere pamatidwe chikalata chonena tsiku la ntchitoyo ndi nambala imene inalipo. Limeneli si lamulo la kuno, koma nzeru yake tikhoza kuibwereka popanda kulipira. Gulani kope la ana asukulu likhale m'galimoto. Lembanimo tsiku limene wotchi idaima ndi nambala yake, tsiku lokonza, nambala ya wotchi yatsopano, ndi dzina la galaja. Mtunda wa miyezi imene wotchi inali chiimire muuyerekeze ndi maulendo amene mumayenda pa sabata, ndipo mulembe poyera kuti ndi woyerekeza. Ngati simudziwa kuti lamba adasinthidwa liti, musinthe tsopano, muyambe kuwerenga pamenepo. Kope limeneli tsiku logulitsa lidzakuchitirani umboni kuposa malumbiro.

Kwa inu ogula, safunsa adadya phula. Musayang'ane nambala yokha. Onani mphira wa pa mapedulo, chiwongolero, ndi mpando wa dalaivala: galimoto ya makilomita 60,000 sikhala ndi pedulo yoperepeseka mpaka chitsulo. Onani ngati manambala ali mu mzere woongoka, ndi ngati tizitsulo tomangira dashibodi tili ndi zipsera. Galimoto zochokera ku Japan, zimene zimatipeza kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban, zimadza ndi mboni zina. Kumeneko galimoto ya munthu wamba imapimidwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo chikalata chotulutsira galimoto m'dzikolo chimasonyeza makilomita amene adalembedwa pa kupima kwa m'mbuyo. Pemphani kuchiona. Funaninso timapepala tomatidwa pa chitseko kapena pa injini tonena tsiku losinthira oyilo ndi lamba. Chaka chimalembedwa kawirikawiri m'kawerengedwe ka Chijapani: mukaona H, onjezani 1988, kotero kuti H20 ndi 2008, mukaona R, onjezani 2018. Kapepala kakamanena kuti lamba adasinthidwa pa 100,000 pamene wotchi ikuti 70,000, mwadziwa zochita.

Mwachidule

Omvera, tikumbutsane mfundo zathu. Muvi ndi manambala zikaima pamodzi, yambirani pansi pa galimoto. Muvi ukamayenda manambala ataima, vuto lili m'kati mwa wotchi. Muvi ukamavina, thandizani kebulo isanaduke. Mukakonza, yesani pa mtunda wodziwika, ndipo zonse zimene mwachita zilembedwe m'kope. Wotchi ya mtunda ndiye chikumbumtima cha galimoto. Ntchito ya mmisiri ndi kuithandiza kunena zoona, kwa mwini wake wa lero ndi kwa amene adzaigule mawa.

Amene muli ndi mafunso ena a zaumisiri, pitirizani kutilembera, ndipo musaiwale kutchula mtundu wa galimoto ndi chaka chake. Mpaka sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, yendani bwino pa msewu, tsalani bwino.